Nambala 14 Pakhoma la Zida

Bawutiyo anakana Lolemba, anakananso Lachiwiri. Pofika Lachitatu, ophunzira onse khumi ndi asanu a m'kalasi ya zaumakaniko pasekondale ya Halvor Creek anali atayesapo mphamvu zawo, koma mkuluyo anangoti phee ngati sizikumukhudza.

Anali bawuti mmodzi yekha, amene amagwira pule, gudumu loyendetsa lamba, kutsogolo kwa injini. Kuseri kwa puleyo kunali kamphira kotchinga oyilo, ndipo kanali katatha, moti oyilo ankadontha. Kuti usinthe kamphirako unayenera kuchotsa pule, ndipo kuti uchotse pule unayenera kumasula bawuti. Tsono ukamukoka ndi spanala, injini yonse inkazungulira naye limodzi, mphamvu zako n'kupita pachabe.

Galimotoyo ikanakhala ya munthu wamba, bwenzi palibe wotuluka nayo thukuta. Koma inali ya Mayi Olynyk, amene anayendetsa basi ya sukulu zaka makumi atatu, ndipo m'tauni muno palibe amene sanalawepo lilime lawo, kuyambira ana mpaka makolo awo. Inali galimoto ya mu 1967, yobiriwira, yaitali kudzaza theka la galaja, ndipo eni ake ankaitchula kuti Dona. Chaka chilichonse mwezi wa Juni, Dona ndiye ankatsogolera mdipiti wa omaliza sukulu.

"Tamverani kuno," anatero a Sawatzky, aphunzitsi awo, akupukuta manja ndi kansanza. "Chida chogwirira pule chifika Lolemba kuchokera kumzinda wa Regina. Mpaka tsikulo muzingothira mafuta ofewetsa dzimbiri, mukatero manja m'thumba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Marnie, ndikunena makamaka iwe."

Anzake anaseka, koma Marnie Froese sanaseke. Mtsikanayu anakulira pafamu ya tirigu, ndipo anayamba kugwira spanala asanadziwe kuluka tsitsi lake. Za injini ankazidziwadi, palibe wotsutsa. Vuto lake linali lakuti ankadziwa kuti amadziwa, ndipo paja akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo.

Aphunzitsi anamuika kuti azigwira ntchito limodzi ndi Tobin Lavallee, mnyamata wamtali, wowerama, wolankhula ngati mawu amamulemera. Masamu anamukana, zolembalemba zinamukana, ndipo kujomba kunali kutamulowa m'magazi. Ahedi anali atamuuza pamaso pa mayi ake kuti akangolakwanso kamodzi, amuchotsa m'kalasi ya zaumakaniko. Aliyense ankadziwa kuti kalasi imeneyi ndi yokhayo inkamudzutsa Tobin m'mawa.

"Iwe Kamba," Marnie ankamunena choncho, "spanalayo ndaipempha lero, osati pa Khirisimasi."

Tobin ankangomwetulira n'kupita kukhoma la zida pang'onopang'ono.

Khoma limeneli linali ndi lamulo lake. Chida chilichonse chinali ndi msomali wake, ndipo kuseri kwake kunajambulidwa chithunzi chake ndi penti yofiira. Wophunzira aliyense anali ndi mphete ya waya yokhala ndi tizitsulo tisanu ta nambala yake. Ukatenga chida, unkapachika kachitsulo kako pamsomaliwo, kuti aliyense aone kuti chidacho chili ndi yani. Nambala ya Marnie inali 6, ya Tobin inali 14. A Sawatzky akamadutsa pakhonde ankasuzumira pagalasi la chitseko. Msomali wokhala ndi nambala sunkawavutitsa, koma akangoona msomali wopanda chida komanso wopanda nambala, ankalowa ngati njati.

Lachinayi, nthawi ya nkhomaliro, anzake ali kalikiliki ndi masangweji awo, Marnie analowa m'galaja yekha kudzera kuchitseko chakumbuyo. M'chikwama mwake munali chingwe chachikasu chimene anadula kunyumba. Anali ataonapo bambo ake akuchita zimenezi pa lole yawo yakale. Umachotsa pulagi imodzi, n'kulowetsa chingwe m'bowomo mpaka chidzaze pamwamba pa pisitoni, chitsulo chimene chimakwera ndi kutsika m'kati mwa injini. Pisitoni ikamakwera imakanikiza chingwecho n'kuima, injini osazunguliranso, ndiye bawuti amasowa pothawira.

Anafika pakhoma, natambasula dzanja kuti atenge spanala yaikulu ya mpini wautali. Dzanja lina linapita lokha kumphete yake ya manambala, monga mwa chizolowezi. Kenako anaima. Kugwira ntchito wekha nthawi ya nkhomaliro kunali koletsedwa, ndipo nambala 6 ikapezeka pamenepo, nkhani yonse ikanadziwika. Kusiya msomali wopanda kanthu nakonso kukanaitana aphunzitsi. Pafupi ndi chitseko panapachikidwa ovololo ya Tobin, mphete yake ikulendewera pathumba monga ankaiiwalira masiku onse.

"Ndi mphindi makumi awiri zokha," anadziuza choncho. "Ndibweza asanadziwe."

Anapachika nambala 14.

Panali chinthu chimodzi chimene bambo ake ankachibwereza nthawi zonse. "Usanalowetse chingwe, mwanawe, tseka bowo la pulagi ndi chala, mnzako azizungulitsa injini pang'onopang'ono. Ukamva mpweya ukukankha chala chako, ndiye kuti mavavu, tizitseko ta mpweya tija, atseka, lowetsa chingwe. Ukapanda kutero, chingwecho chikakanikiza vavu yotseguka n'kuipinda." Ntchito imeneyo inkafuna anthu awiri, ndipo Marnie anabwera yekha dala kuti ulemu usagawidwe. Anayang'ana wotchi, nayang'ana injini, n'kungoganizira.

Analowetsa chingwe, nazungulitsa injini mpaka inalimba. Anaveka paipi yaitali kumpini wa spanala, naponda tayala ndi phazi limodzi, nakoka ndi thupi lonse. M'kati mwa injini munamveka kaphokoso kakang'ono kakuti khwe, konga munthu waponda supuni. Anakanyalanyaza, nakokanso mpaka maso anachita mdima. Kenako, thoo! Bawuti uja anagonja.

Belu linalira asanamalize ngakhale kusekerera. Anasolola chingwe mofulumira, nabwezera pulagi, n'kuthawa. Spanala ija inatsala pansi pa galimoto, ndipo nambala 14 inatsala pamsomali.

Masana, kalasi italowa, mtsikana wina anayesa bawutiyo ndi zala n'kukuwa. "Aphunzitsi, wamasuka! Bawuti wamasuka!"

Onse anaunjikana. A Sawatzky anatola spanala pansi pa galimoto, natembenukira kukhoma. Maso onse anawatsatira.

"Nambala 14," anawerenga wina. "Aaa! Kamba? Zoona Kamba wathu yemweyu?"

"Aise, umadya chiyani kwanu?"

"Tinkakuyesa wogona, chikhalirecho ndiwe chiphona!"

Anamumenya pamsana, namugwedeza mapewa, wina mpaka anamuvula chipewa n'kuchiponya m'mwamba. Tobin anatsegula pakamwa kuti alankhule. Anayang'ana nkhope zonsezo zikumusekerera, zimene anali asanaonepo chilowereni pasukulupo, ndipo anatsekanso pakamwa.

"Lamulo ukulidziwa, Tobin," anatero a Sawatzky, akuyesetsa kukwiya koma zikuwakanika. "Ndiyesa ngati sindinaone. Usadzayambirenso."

Marnie anaima kumbuyo, nsanje ikumuwotcha. Thukuta linali lake, matuza m'manja anali ake, koma ulemu unagwera Kamba. Ankafunitsitsa kukuwa kuti ndi iyeyo. Koma akananena bwanji popanda kufotokoza mmene nambala 14 inafikira pamsomali? Anameza mawu ake n'kupita kukasesa.

Masiku asanu otsatira Tobin anayenda mowongoka. Sanajombe ngakhale phunziro limodzi. Lachiwiri la sabata inayo, kamphira katsopano katalowa, pule itabwerera m'malo mwake, Mayi Olynyk anabwera okha kudzamva Dona akulira. Anaima ndi ndodo yawo, atavala jekete la timu ya mpira lakalekale.

"Tiyeni, ndilibe tsiku lonse," anatero. "Ndipo amene wasiya zala za gilisi pachitseko changa akapukute ndisanamudziwe."

A Sawatzky anapotokola kiyi. Injini inalira, koma sikunali kulira kwa Dona kumene tauni yonse inkakudziwa. Inkanjenjemera, kutsokomola, n'kumagogoda cha kutsogolo, tcha tcha tcha. Aphunzitsi anaizimitsa msanga.

Anayeza mpweya m'mabowo onse a mapulagi, ndipo bowo loyamba linalibe mphamvu. Atayang'anitsitsa pulagi yake, anatolapo kanthu ndi zikhadabo n'kukakweza m'mwamba. Unali ulusi wachikasu.

"Chingwe," anatero motsitsa mawu. "Vavu yapindika. Tobin, unalowetsa chingwe mu injini muno?"

"Chingwe chanji, aphunzitsi?"

"Usandichedwetse. Bawuti uja unamumasula bwanji?"

Tobin anayang'ana pansi, makutu ake atafiira. "Sindinamasule ine, aphunzitsi. Sindinalowemo n'komwe muno tsiku lija."

Kalasi yonse inachita phokoso.

"Ha! Lachinayi unali iwe, lero si iwe?"

"Potamandidwa unali chete, aise. Pakamwa patseguka lero?"

Mayi Olynyk anagogoda ndodo pansi, phokoso n'kutha. Anayandikira galimoto yawo, naika dzanja paboneti ngati akuyeza mwana kutentha thupi. "Zaka makumi asanu ndakhala naye uyu," anatero, "sanatsokomolepo chonchi." Kenako anamuyang'ana Tobin. "Mayi ako ndinawanyamula m'basi yanga zaka khumi ndi ziwiri. Anali aphokoso, koma sanali abodza."

Akanamumenya ndi ndodoyo zikanakhalako bwino. Tobin anangoti zyoli.

"Ndinakubisa kamodzi, ndipo ndinalakwa," anatero a Sawatzky. "Izi ndiye zipita kwa ahedi. Lachinayi udzabweze mphete yako ya manambala."

Marnie anali pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene Tobin anaima. Kaphokoso kakuti khwe kaja kankamvekabe m'makutu mwake, koma sananene kanthu.

Lachitatu poweruka anakwera basi mochedwa, napeza malo atsala amodzi okha, kumbuyo, pafupi ndi Tobin. Anakhala m'mphepete mwa mpando, maso ali pawindo. Basi inatuluka m'tauni n'kulowa mumsewu wafumbi, m'minda mathirakitala akufesa.

"Chingwe chachikasu chija," anatero Tobin mwadzidzidzi, osamuyang'ana, "n'chimene bambo ako amamangira tenti pa lole ya tirigu."

Marnie sanachotse maso pawindo. "Zingwe zachikasu zilipo zambiri."

"Zilipo. Koma odziwa kulowetsa chingwe mu injini m'kalasi mwathu alipo mmodzi."

Marnie anayang'ana manja ake. Matuza aja anali asanapole. "Nanga bwanji sunanene dzulo?"

"Akanandikhulupirira ndani? Kamba wabodza kunamizira nambala 6?" Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe. "Komanso ndinalakwa ndekha. Masiku asanu aja anthu ankandipatsa moni pakhonde, Marnie. Ena ndinkayesa kuti sadziwa dzina langa. Zinandikomera. Ndinalandira ulemu wa mwini, ndiye ndilandirenso zikwapu zake."

"Ukachotsedwa uzikatani?"

"Sukulu ndiye yatha basi. Ndizikatani m'makalasi enawo? Malume akuti kukhola la nkhumba kumene amagwira akufuna wokolopa."

Basi inaima pageti la kwawo kwa Tobin. Tobin ananyamula chikwama, nadikira kuti Marnie asendeze miyendo. "Koma unakoka bwino," anatero akudutsa. "Ine sindikanatha."

Mawu amenewa ndi amene anamupweteka Marnie kuposa onse. Akanamutukwana, bwenzi atapeza poyambira kudziteteza. Anamuyang'ana akuyenda kanjira ka kwawo, atawerama ngati kale, ndipo anachita manyazi amene anali asanawamvepo chibadwire. Pachakudya chamadzulo bambo ake anafunsa kuti Dona ali bwanji, iye n'kuyankha kuti mutu ukumupweteka. Soseji ndi mbatata zinazizira m'mbale.

Lachinayi Mayi Olynyk anabweranso kudzamva kuti galimoto yawo ikonzedwa liti. Kalasi itakhala pansi, a Sawatzky anaitana Tobin kutsogolo. Mnyamatayo anatulutsa mphete yake, tizitsulo tonse tisanu tikuwala ngati wachita kutipukuta, n'kuiika patebulo. Anatembenuka kuti azipita.

"Aphunzitsi."

Mawu a Marnie anatuluka aang'ono moti anachita kubwereza. Anadzuka, ndipo mtunda wochoka pampando wake kufika patebulo unamutalikira koopsa. Anatsegula chikwama, natulutsa chingwe chachikasu chodetsedwa ndi mwaye wa injini, n'kuchiika pafupi ndi mphete ya Tobin. Pamwamba pake anaikapo mphete yake.

"Ndinali ine," anatero. "Ndinalowa nthawi ya nkhomaliro. Sindinayeze mpweya ndi chala chifukwa ndinali ndekha."

"Nanga nambala 14?" anafunsa a Sawatzky.

Apa ndiye panali povuta. Marnie anafuna kunena kuti anasokoneza, kapena kuti inali pafupi. "Ndinaitenga m'thumba la ovololo yake," anatero. "Dala. Kuti zikavuta isapezeke yanga."

Palibe anaseka, palibe anakuwa. Akanakonda phokoso kusiyana ndi bata limenelo. Misozi inayamba kutsika, ndipo sanaipukute chifukwa manja ankawasowa pokweza.

"Ndipo Lachiwiri unaima apo," anatero a Sawatzky, akuloza ndi chala, "mnzako akunyozedwa."

"Inde, aphunzitsi."

"Usauze ine. Eni galimoto ndi awo, ndipo mwini nambala ndi uyo."

Marnie anatembenukira kwa Mayi Olynyk. "Pepani, mayi. Ndakuonongerani Dona."

"Vavu ndi chitsulo, amapanga ina," anatero mayiwo mwaukali. "Ine wandilakwira pang'ono. Wandichititsa kunyoza mwana wa eni pamaso pa anzake, ndi pakamwa panga pano." Anatembenuka movutikira ndi ndodo yawo. "Iwe Lavallee, ndinalankhula msanga. Sindipepesa kawirikawiri, ndiye usunge kameneka."

"Nanenso ndinanama, mayi," anatero Tobin. "Ndinavomera zimene sindinachite."

"Ndiye wamva mmene zimathera. Tseka pakamwa, ntchentche zingalowe."

Marnie anayesa kumuyang'ana Tobin kumaso koma analephera. "Pepa, Tobin," anatero, akuyang'ana nsapato zake. Kanali koyamba chaka chonsecho kumutchula dzina lake lenileni.

A Sawatzky anatola mphete ya nambala 14 n'kumuponyera mwini wake. Ya nambala 6 anaiika m'dirowa, nakiya. Masana omwewo Marnie anakaonekera kwa ahedi, bambo ake ali pambali chipewa chili m'manja. Chigamulo chinali chakuti akhalabe m'kalasimo, koma mpaka chaka chithe sakhala ndi nambala yake, ndipo pamdipiti wa mu Juni sadzayandikira galimotoyo. Ntchito yotsegula injini ndi kusintha vavu anaipereka kwa awiri omwewo, wotsogolera n'kukhala Tobin.

Lolemba m'mawa anaima pambali pa Dona, boneti ili yasa. Tobin ankamasula mawaya mmodzimmodzi, aliyense akumumata kapepala kolemba kumene wachokera. Ankachedwa monga mwa masiku onse, koma Marnie anaona kwa nthawi yoyamba kuti mnyamatayu sankabwereza ntchito kawiri.

"Pakufunika spanala yaikulu ija," anatero Tobin, mutu uli mu injini.

Marnie anapita kukhoma. Dzanja lake linapita lokha kuthumba, n'kupezamo mulibe kanthu. Anaima pamenepo, spanala ili patsogolo pake, akumva maso a kalasi yonse kumsana kwake. Kenako anabwerera chimanjamanja.

"Tobin," anatero motsitsa mawu, "ndibwereke nambala yako."

Tobin anadzutsa mutu. Anapukuta zala pa ovololo mosafulumira, namasula kachitsulo kamodzi pamphete yake, n'kukaika m'dzanja la Marnie, pamwamba penipeni pa matuza aja.

"Ubweze," anatero.